Ulendo Umene a Sosten Alfazema Sanatiuze

Abusa, akuluakulu a mpingo, anzawo a malemu ochokera ku yunivesite, abale amene mukutimvera pa foni ku Nsanje ndi ku Karonga, ndi inu nonse amene mwaima nafe pamphepo ino ya ku Newcastle: dzina langa ndine Edwina, mwana wa alongo awo a malemu. Banja landipatsa ntchito yowerenga mbiri ya amalume anga, Dokotala Sosten Lazarus Alfazema. Amalumewo anandisiyiranso mawu oti ndidzanene pano, okhudza ulendo wa mu Julayi, umene wachititsa kuti dzina la akazi awo, Mayi Asimenye, lizitchulidwa monong'ona. Ndifikapo pamenepo, koma mbiri imayambira pa kubadwa.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1967 m'mudzi mwa Nyanthumbi, Mfumu Yaikulu Tengani, m'boma la Nsanje. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwawo komweko. Kwa amene simunafikeko, ku Nsanje kumatentha moti munthu amasirira mthunzi wa mbuzi. Ayezi woyamba amene amalume anamuona anali matalala amene anagwa iwo ali mu sitandade 3. Anatola angapo n'kuwaika m'thumba la kabudula kuti akaonetse alongo awo, amayi anga a Maggie. Pofika kunyumba anangotsala ndi kabudula wonyowa, ndipo agogo anawakalipira poganiza kuti achita zina.

Atamaliza sekondale anasankhidwa kupita ku Polytechnic ku Blantyre, kumene anaphunzira ntchito yoyeza malo. Anagwira ntchitoyi m'boma zaka zingapo, akukwera mapiri ndi zipangizo paphewa. Pa ntchito yomweyi anatumidwa ku Karonga, ndipo atadwala malungo anagonekedwa m'chipatala mmene munali namwino wina wosaseka ndi odwala okana mankhwala. Ameneyo anali Mayi Asimenye. Amalume ankati anachira msanga, koma anapitirizabe kudandaula mutu kuti asatulutsidwe. Ukwati wawo unadalitsidwa mu 1996, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Taonga ndi Lusayo.

Mu 2001 anapeza mwayi wodzapitiriza maphunziro kuno ku Newcastle. Banja linawatsatira patapita chaka, ndipo Mayi Asimenye anayamba ntchito yosamalira okalamba, imene akugwira mpaka lero. Atalandira digiri ya udokotala wa maphunziro (PhD), malemu analowa m'gulu la akatswiri oyeza ayezi wa ku Greenland ndi ku Antarctica.

Ambiri a ife sitinkaimvetsa ntchito imeneyi. Chaka chawo choyamba mumpingo muno, amayi ena anawabweretsera filiji yowonongeka. Ndiye ndiloleni ndiifotokoze mmene ankandifotokozera ine. Maiko awiri aja anakutidwa ndi ayezi wochindikala makilomita awiri, pena kuposa. Masetilaiti amadutsa pamwamba pake. Ena amayeza kutalika kwa ayeziyo, ena amayeza kulemera kwake, ndipo chaka ndi chaka amapeza kuti wachepa. Koma pali chinthu chimene chimasokoneza muyeso. Ayezi akapepuka, thanthwe la pansi pake limadzuka pang'onopang'ono, ngati matiresi munthu akachokapo. Ntchito ya amalume inali kudziwa kuti thanthwelo ladzuka bwanji, n'kuchotsera, kuti chotsalacho chikhale chenicheni cha ayezi amene wasungunuka n'kulowa m'nyanja. Ankati matani mabiliyoni 360 a ayezi akasungunuka n'kulowa m'nyanja, nyanja zonse za dziko lapansi zimakwera ndi milimita imodzi, ndipo kuyambira mu 1992 kufika mu 2020 maiko awiriwa anakweza nyanja ndi masentimita pafupifupi awiri. Ine ndinkati zimenezo n'zochepa. Iwo ankati ndikafunse munthu amene khomo la nyumba yake lili pafupi ndi madzi tsiku la namondwe.

Mumpingo muno malemu anali mkulu wa mpingo ndiponso woimba besi mu kwaya. Mnzawo wapamtima, Bambo Kenneth Mukuka ochokera ku Zambia, ankakonda kuwaseka pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. Ankati, "Imwe ba Alfazema, ku Malawi mulibe na nyanja ya mchere, manje muvutikila chani?" Amalume ankayankha kuti, "Feteleza wanu amadzera ku Beira ngati wathu, achimwene. Doko lija likadzamira, misozi idzakhala ya tonse." Namondwe wa Idai atawononga Beira mu 2019, madzi n'kusefukiranso kwathu ku Nsanje, a Mukuka anasiya kuseka n'kuyamba kufunsa mafunso.

Ine ndinabwera m'nyumba mwawo mu 2021 kudzaphunzira unamwino, ndipo ndinaona zimene anthu apanja sankaona. Loweruka lina lililonse Mayi Asimenye akakhala kuti alibe shifiti, awiriwa ankakwera sitima ya Metro kupita ku North Shields, kumene kuli chipangizo chakale choyezera msinkhu wa nyanja. Amuna ena amatengera akazi awo kukadya kumalo okongola. Amalume ankatengera awo kukaona madzi akukwera ndi kutsika, atagwirana manja m'thumba la jekete imodzi. Mayi Asimenye ankamutcha ayezi uja mkazi mnzawo, ndipo ankati ndi mkazi mnzawo wabwino chifukwa sadya ndiwo za pakhomo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawapweteka amalume mumtima. Zaka pafupifupi makumi awiri akuyeza ayeziyo, anali asanamuonepo ndi maso. Ankamuonera pa kompyuta basi. Ulendo woyamba utapezeka, viza yawo inachedwa. Wachiwiri, agogo anamwalira ndipo iwo anathamangira kumudzi. Wachitatu unalephereka ndi mliri wa mu 2020. Kumayambiriro kwa chaka chino anasankhidwanso kuti apite ku Greenland kukaika zipangizo pa matanthwe. Lamulo la ntchitoyi limati aliyense wopita kumeneko ayambe wapimidwa m'thupi, chifukwa chipatala chili kutali. Kupimidwa kumeneko n'kumene kunaulula kuti ali ndi khansa ya m'chiwindi, ndipo inali itafalikira. Anzawo anapita popanda iwo.

Tsopano ndafika pa mawu aja.

Mu Juni madokotala anawauza kuti ngati pali ulendo umene akufuna kuyenda, ayende nthawi imeneyo, ndipo asayembekezere kuti mphamvu zidzakwanira maulendo awiri. Tonse tikudziwa kumene Mmalawi wodwala amapita akauzidwa chonchi. Choncho amalume atanena kutchalitchi kuti ali pa ulendo, palibe amene anafunsa kuti wa kuti. Sabata yomweyo katundu anayamba kufika kunyumba monga mwa chizolowezi chathu: nsapato za ana, mafoni, mankhwala a miyendo, chikho cha agogo a wina ku Ndirande, chilichonse chitalembedwa dzina la mwini wake. Amalume anangoulandira katunduyo. Sananame, koma sanakonzenso maganizo a anthu. Katundu yense analowa m'chipinda changa, ndipo anakafika ku Malawi mwezi wotsatira m'manja mwa a Mukuka podzera ku Lilongwe. Apo m'pamene zinadziwika kuti banjali silinapite kumudzi.

Zimene zinanenedwa pambuyo pake mukuzidziwa. Ena anati Mayi Asimenye anakabisa wodwala kwa mneneri ku Bradford. Ena anati anawakaniza amuna awo kukatsanzikana ndi abale awo chifukwa mayiwo ndi a kumpoto. Mawu amenewa anaoloka nyanja mpaka ku Nsanje, ndipo amayi anga anasiya kuyankha foni ya alamu awo. Mayi Asimenye anangokhala chete, chifukwa amuna awo anawapempha kutero.

Zoona zake ndi izi. Mayi Asimenye anawachonderera amalume kuti apite kumudzi. Ndinkawamva ndili kukhitchini, mobwerezabwereza, mpaka kulira. Amalume anati madokotala akungopeputsa mphamvu zawo, iwo adzapita konse kuwiri, Greenland mu Julayi, Nsanje mu Seputembala. Anaopa kuuza alongo awo kuti asaganize kuti ayikidwa pambuyo. Mayi Asimenye ataona kuti amuna awo atsimikiza mtima, anatenga tchuthi, n'kuwaperekeza monga alendo wamba kukatauni kotchedwa Ilulissat. Kumeneko kuli njira ya matabwa yopita kumene ayezi amagumukira m'nyanja. Mayi Asimenye anawakankha pa njinga ya odwala njira yonseyo, monga amachitira ndi okalamba a kuntchito kwawo. Atafika pamapeto anaona mapiri oyera akuyandama, ena aakulu kuposa tchalitchi chathu, ndipo patali pankamveka kugunda ngati kwa mvula yoyamba. Mayi Asimenye akuti anati, "Ndiye mkazi mnzanga uja ndi ameneyu? Mpake munkachedwa kubwera kunyumba." Amalume sanaseke. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Asimenye, ndinkawauza anthu zoona."

Atabwerako thupi linafooka msanga. Seputembala anawapeza ali m'chipatala, ndipo ndege sakanakweranso. Anapirira matendawa mosadandaula, akuimbabe besi chapansipansi kwaya ikabwera kudzawaona. Masiku awo omaliza anandiitana n'kunena kuti, "Edwina, udzawauze kuti wolakwitsa muyeso ndine. Mkazi wanga anandiuza zoona, ine sindinamve. Udzamuuze Maggie kuti sindinamuiwale, ndinangodzikhulupirira kwambiri." Anatisiya mwezi uno wa Novembala, chaka cha 2024, akazi awo ndi ana awo ali pambali pawo. Anali ndi zaka 57. Anapempha kuti agone kuno, pafupi ndi ana awo.

Dzulo masana ndinaimbira amayi anga ku Nsanje n'kuwauza zonsezi, kuti asazimvere pagulu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analira, ndipo anati mlongo wawo anali wamakani kuyambira ali mwana. Sananene kuti sizikuwapweteka, ndipo ine sindinena zimenezo m'malo mwawo. Koma anandituma mawu awa. Ikafika nthawi yoika nkhata, nkhata ya banja la kwa Alfazema, imene akanaika iwo akanakhala pano, asaike wina aliyense koma Mayi Asimenye. Anati, "Amene anamukankha mlongo wanga mpaka kumene mtima wake unkafuna si mlamu chabe. Aimirire m'malo mwanga." Choncho, otsogolera mwambo, mukamaitana mayina, Mayi Asimenye muwaitane kawiri.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Asimenye Alfazema, ana awo awiri, Taonga amene ali ku Wakefield ndi Lusayo amene ali kuno ku Newcastle, mdzukulu mmodzi, alongo awo a Maggie ndi ang'ono awo a Rodrick ku Nsanje, apongozi awo ku Karonga, ife ana a abale awo, mpingo uno, ndi anzawo a kuntchito amene akupitiriza kuyeza.

Amalume anga a Sosten Lazarus Alfazema afika kumene ankapita. Apumule mu mtendere.