Mayi Ozella Gholston, Amene Anaphikira Maliro Athu Onse

Malemu Mayi Ozella Gholston anabadwa m'chaka cha 1970 konkuno ku Tchula, Mississippi, m'banja lolima thonje m'munda wa eni. Anakulira chakudya cha makolo awo: ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi. Koma kuseri kwa nyumba kunali dimba la mpiru ndi therere, ndipo zonse zimene ankadya zinkathera m'thukuta la kumunda.

Sukulu analekezera ku sekondale. Mu 1992 anakwatiwa ndi Bambo Cleophus Gholston, amene anatsogola kale ndi matenda a shuga. Mayi anagwira ntchito pa fakitale yosenda milamba, chiimire tsiku lonse. Ankaweruka manja atatupa. Dimba linafa, golosale yomaliza m'tauni muno inatsekedwa, ndipo chakudya chamadzulo tinayamba kugula pomwetsera mafuta a galimoto: nkhuku yokazinga ndi zakumwa zotsekemera.

Pampingo pano anali mkulu wa kukhitchini. Palibe banja muno limene sanaliphikire pamaliro. Wokana mbale ankamuuza kuti, "Iwe mwana, waonda ngati chingwe choyanikira zovala. Khala pansi, usandichititse manyazi." Makeke a mbatata amene ankagulitsa ndiwo ananditumiza ku koleji ine Darnell, mwana wawo woyamba.

Shuga anayamba kuwalanda chala chakuphazi, kenako mwendo, kenako impso. Ndinasiya koleji kuti ndiziwaperekeza ku makina osefa magazi. Zimenezi sanandikhululukire. "Ndinakutumiza kukaphunzira, osati kudzandikankha panjinga ya olumala," ankatero, kwinaku akundisisita mutu.

Inu amayi a mpingo munkabwera osatopa, aliyense ndi mbale yovundikira: nkhuku, makaroni a tchizi, keke. Ndikati adokotala analetsa, Mayi ankandiyang'ana moipidwa. "Darnell, ndiwabwezere mbale anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kuphika? Tapatse foloko." Ankadya kuti inu musakhumudwe. Anamwalira Lachiwiri lapitali.

Asiya mkulu wawo, Mayi Verlene. Mlongo wawo, Bambo Otha. Ndi ana awiri, ine ndi mlongo wanga Latrice wa zaka khumi ndi ziwiri, amene wakhala kutsogoloyu. Mwezi watha adokotala anapeza kuti shuga wa Latrice nayenso wayamba kukwera. Mayi sindinawauze.

Ndikudziwa kuti m'holo kuseriku matebulo adzaza kale, ndiponso kuti mawa mudzagogoda kwathu mutanyamula mbale. Chikondi chanu tachiona, sitikuchikana. Bwerani mudzakhale nafe, mudzatiimbire, koma mbale musiye kwanu. Ikafika pakhomo ndidzaibweza, ndipo musadzadabwe. Bambo tinawaika, Mayi tikuwaika lero. Uyu yekha ayi.

Mayi, pa ichinso mundikhululukire.

Manja amene anatidyetsa tonse apumule mu mtendere.