Getsi la Nsomba za Abwana

Ndinali pamzere m'sitolo ya zipangizo zomangira, momwe amatigulitsa misomali yopindika osachita manyazi. Patsogolo panga mayi wonyamula ndowa anayamba kufunsa bambo wina wantchito ya m'nyumba amene ananyamula kachipangizo kamagetsi kooneka ngati wotchi.

"Achimwene, kawotchi kopanda lambako n'kachiyani?"

"N'ka nsomba za abwana, mayi. Kamaziyatsira getsi m'mawa, n'kuzimitsa madzulo."

"Nsomba zifune getsi? Zimawerenga?"

"Zimakhala m'bokosi lagalasi pabalaza, m'madzi amchere."

"Oho, mumathiriratu mchere zisanafe!"

"Sizodya ayi, n'zongoyang'ana."

"Nanga kawotchiko mwakazuliranji?"

"Abwana atapita kuulendo ndinaona getsi likuzima lokha. Ndinati kameneka kawonongeka, ndiye ndinakazula n'kulumikiza getsilo kukhoma. Layaka milungu iwiri osapuma."

"Si bwino nanga? Zikuona koyenda."

"Madzi abiriwira ngati a pachithaphwi. Miyala yamoyo ya m'bokosimo, yofiira ndi yachikasu, yayera mbee."

"Miyala yamoyo? Achimwene, koma mwadya lero?"

"Abwana amaikonda kuposa ana awo. Akubwera mawa, ndipo ine ntchito ndi yomweyi."

"Ndiye mwadzagula kawotchi kena?"

"Ayi, wokonza wati aka n'kabwinobwino. Ndadzafunsa penti wofiira ndi wachikasu wosasuluka m'madzi."