Puloteni ya m'magazi si ya m'mbale

Moni abusa, moni akulu a mpingo, moni amayi anzanga ndi abale nonse. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mawu akandithera pakati mundipirire.

Amuna anga, bambo a Chisomo, mukuwadziwa. Moyo wawo wonse ndi wa m'munda wa tiyi muno m'chigwa cha Honde. Nyengo yodulira tiyi yapitayi mpeni unawatema pamwendo. Iwo amvekere, "Kabala aka n'kamwana." Anamanga kansalu n'kubwerera kuntchito. Sabata isanathe mwendo unatupa, mafinya, thupi moto. Tinakwera kombi, minibasi ija, mpaka kuchipatala.

Kumeneko anawatenga magazi, n'kuwaika dripi. Adokotala anafotokoza m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi kuti chinthu china chotchedwa CRP chakwera kwambiri, chapitirira handiredi. Ine mutu unali utazungulira. Mawu amodzi okha ndi amene ndinatola: puloteni. Puloteni yakwera.

Tsono abale, ganizani nane. Malemu mayi anga anadwala shuga, tinawaletsa shuga. Akulu a kwaya ali ndi BP, mchere anausiya. Nanga puloteni ikakwera, munthu amasiya chiyani? Ku sikelo ya ana anatiphunzitsa tonse kuti puloteni ili m'mazira, m'nyemba, m'matemba, mumkaka. Sindinafunse munthu. Ndinkaona ngati ndamva.

Atawatulutsa ndi mapiritsi, ine ndinatseka zonse. Nyemba ayi. Matemba ayi. Tiyi wopanda mkaka. Sadza ndi muriwo basi, nsima ndi masamba okha, mmawa ndi madzulo. Nkhuku yanga inali ikuikira kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku lina bambowa anandiyang'ana ali pamphasa, n'kunena chapansipansi, "Mayi a Chisomo, ngakhale dzira limodzi lokha?" Ndinakana. Ndinakana, abale, n'kupita kukalira kuseri kwa nyumba. Ndinkati ndikupulumutsa mwamuna wanga.

Kutentha thupi kunatha, koma munthu ankangotha. Lamba anaboola bowo lina. Chilonda chili yasa, osatseka. Ndinkaopa kuti awadula mwendo, ndipo munthu wa m'munda wa tiyi wopanda mwendo mukudziwa nokha kuti ntchito yatha, nyumba ya kukomboni yathanso. Ndinapemphera mpaka mawu anasasa.

Tsiku lobwerera kuchipatala, Mulungu anatiikira sisita wina, namwino amene agogo ake anachokera ku Mulanje. Atamva tikulankhula Chinyanja anayankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka. Anawayeza bambowa pasikelo, n'kufunsa, "Kodi baba akudya chiyani?" Ine ndi mtima wonse ndinafotokoza mmene ndaletsera puloteni. Sanaseke. Mwana uja sanandiseke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

Anati, "Amayi, CRP ndi puloteni ndithu, koma si ya m'mbale. Imapangidwa ndi chiwindi, thupi likamalimbana ndi kutupa kapena tizilombo. Ili ngati sairini ya kufakitale: ikalira, mumadziwa kuti kwachitika kanthu, koma siinena kuti n'chiyani. Dokotala ndiye amafufuza. Munthu wabwinobwino imakhala pansi pa teni, malo ena amati pansi pa faifi. Ya baba inakwera chifukwa cha chilonda, osati mazira. Ndipo kuti chilonda chitseke, chimafuna mazira omwewo."

Abale, ndinali kumumana mwamuna wanga chinthu chimene chikanamuchiritsa.

Anawatenganso magazi. Nambala ija inali itatsika ndithu, mankhwala anali atagwira ntchito yake. Chimene chinatsala ndi njala imene ndinawapatsa ine. Titafika kunyumba ndinabwereka mazira kwa aneba, ndinakazinga, n'kugwada powapatsa. Iwo anangoti, "Unkandikonda, sunadziwe." Lero CRP yawo ili pansi pa faifi, chilonda chinatseka, ndipo mwendo uli pomwepo. Bambo, taimirirani akuoneni.

Amayi anzanga, kuchipatala mukamva mawu achilendo, funsani. Funsani kawiri, m'chilankhulo chimene mumalota nacho. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Mazira amene ndinawamana aja, nkhuku inawakhalira n'kuswa anapiye. Mmodzi wakula, ndi tambala amene mukumumva akulira panjapo. Ndabwera naye kwa Mulungu amene anasunga mwamuna wanga ku chilonda, n'kumusunganso ku chikondi changa chosadziwa. Zikomo Yesu. Imani, abale, mukondwere nane.