Makina Amene Anatha ndi Kubwereka

Olemekezeka a Nduna ya Zamafakitale, olemekezeka mkulu wa sukulu ino, aphunzitsi, eni mafakitale, makolo, ndi inu ana athu amene mwadza kudzaphunzira kusula ndi kukonza zipangizo za makina, landirani moni wanga. Ndikuthokoza kuti mwakumbukira nkhalamba imene inapuma ntchito kalekale.

Pa unyamata wanga ndinali kalaliki pa fakitale yoluka nsalu, ndipo mayi akunyumba, amene akhala kutsogoloku, anali mmodzi mwa oluka. M'holo imeneyo makina anali atandanda mizeremizere, phokoso lake munthu osamva mnzake. Koma panali kachitidwe kena. Makina ena akafa, kapitawo sankaitanitsa chipangizo chatsopano, pakuti kutero kunkafuna kudikira. Ankangomasula cha makina oyandikana nawo. Ankati n'kubwereka.

Tsiku lina kapitawo uja anafika pa makina a mayi akunyumba, sipanala ili m'manja. "Mayi, tibwerekeko mota, tibweza sabata yamawa."

Iwo anati, "Akapitawo, lamba munabwereka, magiya munabwereka, ine ndikungokhala pano ngati mlonda. Mukanyamula motayo, mubwerekenso ine ndi mpando womwe."

Mukuseka, ndipo nafenso tinaseka. Mabwana ankakondwa poona nsalu ikutulukabe sabata imeneyo, osawerengera za chaka chamawa. Mzere unatha, wina unatsatira, kufikira holo yonse inati zii, ndipo mabanja ambirimbiri anabwerera kwawo chimanjamanja.

Olemekezeka a Nduna, chuma cha dziko chikadwala, yesero lake ndi lomweli: kumasula za sukulu kuti titseke dzenje la lero, kumasula za magetsi ndi misewu kuti chaka chino chioneke chokoma. Dziko lofuna kudzuka liyenera kugwirizana pa ndondomeko yotalika kuposa moyo wa boma limodzi, imene wolowa pampando adzaipitirize ngakhale anaiyamba ndi mdani wake. Liphunzitse amisiri ake, lisamale zimene lili nazo kale, ndipo lilole kudikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikulankhula ngati wongoonerera. Mdzukulu wanga wamkazi ali pakati pa ophunzirawa. Anali atalongedza kale chikwama kuti akafune ntchito kunja, monga anachitira amalume ake amene sitiwaonanso. Atamva za sukulu ino anandifunsa kuti, "Agogo, ine ndikatsala, kodi sadzaibwerekanso imeneyi?"

Ndinangomulonjeza kuti ndidzamufunsira pamaso pa anthu, ndipo lero ndafunsa. Ndaona a Nduna avomera ndi mutu kuti pano sipadzachoka ngakhale msomali, ndipo mboni zake ndinu nonse. Mdzukulu wanga, ukafika kunyumba ukabwezere zovala m'kabati.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti sukulu ino ya amisiri a makina yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.