Mbale Zotsuka Kale

Pa benchi ya kuchipatala, okalamba awiri osadziwana ankadikira kuitanidwa ku mafizo.

"Nanunso ndi nyamakazi, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Zala izi, bambo. Chaka chachitatu chino. Adokotala anandikulungira mphira pa mpeni ndi masupuni, akuti ndizigwira tintchito, zala zingaume."

"Ndiye mukugwira?"

"Ndigwire bwanji? Ndikangokhudza mbale, mpongozi wanga walanda kale. Akuti, 'Khalani pansi amayi, anthu angatiseke.' Mwana wabwino, koma ulemu wakewo undipundula."

"Osamuuza bwanji?"

"Pakamwa panatopa. Masiku ano ndimangodikira apite kuntchito. Akatuluka ndimatsitsa mbale zonse m'kabati, n'kutsuka m'madzi ofunda, n'kubwezera mmene zinalili."

"Mbale zotsuka kale?"

"Zotsuka kale, bambo. Imvi zonsezi, ntchito ndikuchita kuba."