Chiwindi Changa Sichinalawe Mowa

Olemekezeka a Dokotala Zuleka Kalimu, amene mukutsogolera kafukufuku wa matenda a chiwindi, olemekezeka anamwino ndi ana athu a ku labu ya ku Hatfield, amene mumadziwa magazi anga kuposa nkhope yanga, olemekezeka Abusa, olemekezeka Abambo Elson Kachingwe, mlembi wa mpingo wathu, amene ndakondwa kuti mwakhala kutsogolo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Ine ndine Yobu Matewere. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndathera pa kapinga wa eni ake ku Waterkloof. Andikhazika pa mpando waulemu uno chifukwa pa kafukufukuyu ndine nambala 17, ndipo ndikadali moyo.

Maso anga atayamba chikasu, ndinapita ku kiliniki ina. Namwino anandiyankhula m'Chisepedi, chiyankhulo cha eni dziko kuno: "Ntate, bothata ke sebete." Ine liwu loti sebete ndinalimva kwa anyamata a pa takisi, potamanda munthu wolimba mtima. Ndiye ndinamva ngati akuti vuto langa ndi kusaopa. Ndinamuthokoza, n'kubwerera ku khasu. Zaka ziwiri zinadutsa ndisanadziwe kuti sebete ndi chiwindinso. Sekani, nanenso masiku ano ndimaseka.

Chotsatirachi sindiseka. Mimba itatupa, mpingo unakhala pansi n'kugamula kuti a Matewere akumwa mobisa. Anandiimitsa kugawa mgonero, ntchito imene ndinaigwira zaka khumi ndi chimodzi. Amene analemba chigamulocho ndi a Kachingwe. Anandiuza pakhomo pa tchalitchi kuti, "Achimwene, pakamwa mungakane, koma mimbayi yaulula." Ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Mkazi wanga Theresa anamwalira anthu akumutchabe mkazi wa chidakwa, ndipo zimenezo ndazisunga mumtima zaka zisanu ndi ziwiri.

Kenaka anabwera a Dokotala Kalimu ndi timabotolo tawo. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, inunso mukufuna fungo la mowa?" Iwo anati, "Ayi, Agogo, ndikufuna dzina la chimene chikukudyani." Ndipo analipeza. Ndi kachilombo ka hepataitisi B, kamene akuti mwina ndinakatenga kwa amayi anga pobadwa, kapena ndili wakhanda kwathu ku Ntcheu. Kanakhala chete zaka zoposa makumi asanu, kakusandutsa chiwindi zipsera. Anandigoneka pa makina oyeza kulimba kwa chiwindi, ndipo apo ndi pamene ndinaphunzira kuti kulimba mtima n'kwabwino, koma kulimba chiwindi ndi imfa.

Kwa zaka zinayi ndamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndipo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndapereka mkono. Lachiwiri lapitali andiuza kuti kachilomboko kagonja moti makina akulephera kukawerenga, ndipo chiwindi chasiya kuipiraipira. Mwana wanga Lucy anayezetsa, anamupeza nako, koma msanga, chiwindi chake chikadali chofewa. Mdzukulu wanga Tisungeni analandira katemera, ndipo magazi ake ndi oyera. Lachiwiri limenelo ndinakhala pansi pa mtengo wa jakaranda, n'kupuma ngati munthu wotula thumba la simenti.

Choncho ndikuthokoza inu a labu, amene mumagwira magazi a anthu osawadziwa ngati ndi a abale anu. Ndikuthokoza anzanga olima maluwa ndi ochapa m'nyumba za ku Laudium, amene munkapempha tsiku kwa mabwana kuti mudzapereke mkono. Ndipo ndikuthokoza mpingo popereka chipinda chino, kuti Loweruka lililonse munthu ayezedwe ndi kuuzidwa m'Chichewa chimene akudwala.

Tsono pali kalata iyi. Ndinapempha a Dokotala kuti alembe, ndipo alemba kuti matenda a Yobu Matewere si a mowa. Ndinabwera nditakonzeka kuiwerenga ndekha mokweza, nditayang'ana munthu mmodzi. Koma a Kachingwe, kuyambira pamene ndaima pano ndakhala ndikuona maso anu, ndipo mtundu wachikasu umenewo ndimaudziwa. Kalatayi tengani, mukaiwerenge Lamulungu pamalo pomwe munawerengera chigamulo chija, ndipo mutchule dzina la Theresa. Koma lero mukhale oyamba pamzere woyezetsa. Ndikuperekezani, ndipo chilichonse chimene apeze, ine sindidzafunsa chimene mumamwa.

Ndi mawu amenewa, chipinda choyezera chiwindi chino ndachitsegula, ndipo kuyambira tsopano chiyambe ntchito.

Zikomo kwambiri.