Nsalu ya Patebulo la Pasaka

Pasaka atayandikira, bwato la ku Chisi linachedwa. Padoko la Kachulu, mayi wina wachikulire anatula mtolo wake pafupi ndi mayi wachisilamu wogulitsa matemba, nsonga ya nsalu yoyera ili pamtunda.

"Pepani mayi," anatero wamatemba uja, "kodi kwagwa zovuta?"

"Ayi, si sanda imeneyi, ndi nsalu ya patebulo. Ndagula kwa khukhi wa mzungu ku Zomba, pamodzi ndi makapu oduka zogwirira. Inapsa ndi simbi pakatipa, koma ndiikapo botolo la maluwa."

"Ndiye kuti muli ndi tebulo?"

"Ndilitenga kuti ine tebulo? Ndimazula chitseko n'kuchisanjika pamadebe. Mwana wanga ali ku Halale, anakwatira komweko, ndiye Pasaka aliyense ndimawayembekezera. Akuti mkazi wakeyo sadyera pamphasa."

"Mpaka kuyenda wapansi kupita ku Zomba chifukwa cha mpongozi?"

"Miyendoyi ndiyo ingakuuzeni. Chaka chatha ndinayalapo chitenje changa chakale. Mwina mkaziyo anamva, n'chifukwa chake mwana wangayo sanabwere."

"Nanga chitseko chikakhala tebulo, udzudzu wakunowu mumatani nawo?"

"Umandidya. Ndimachisiya choyalayala mpaka Lolemba, poti sitima yochokera ku Halale nthawi zina imachedwa."

"Akapanda kubweranso chaka chino?"

Mayi wachikulireyo anabweza nsonga ya nsalu ija mumtolo n'kumanga mfundo.

"Ndibwezera chitseko pakhomo. Koma nsaluyi siitayika, ntchito yake mwainena kale inu. Tsiku limenelo mwina adzabwera."